Njere ya Bwemba Pansi pa Lilime

Uthenga unalowa pa foni ya mayi Filomena Lachiwiri masana, ali pakhonde kuswa mtedza wambewu. Unali wa m'Chingerezi, ndipo pa mawu onsewo iwo anangotolapo zitatu: dzina la amuna awo, a Alufeyo, mawu oti Mchinji, ndi deti la pa 24 Okutobala. Zinawakwanira. Anadzambatuka, mtedza uli mbwee pansi, nkhuku zikusangalala, n'kuthamangira kuseri kwa nyumba kumene bamboyo ankasema mpini.

"Bambo a Luwiza! Zatuluka! Za ku Joni zija zatuluka!"

A Alufeyo anafuna kufunsa kuti zatuluka bwanji, koma chifuwa chinawatsogolera. Anatsokomola mpaka kukumbatira mtengo wa papaya.

Bamboyu anagwira ntchito zaka zisanu ndi zitatu mumgodi wa golide ku Joni, kuboola mwala ndi chimakina pansi pa nthaka, pamalo poti fumbi likabuka sumuona mnzako ngakhale mutagundana mapewa. Anabwerako mu 1987 ali chimphona. Chifuwa chinawapeza mochedwa, atayamba kale imvi. Kuchipatala anawayeza TB kawiri, osapezeka. Tsopano akati aunde mizere, wachisanu sankaumaliza. Ndiye chaka chatha itamveka mphekesera yoti a ku Joni akalembetse mayina kuboma, kukubwera ndalama, anapita kukalembetsa. Ndalama zanji, palibe anafunsa. Ndalama za ku Joni anthu akhala akuzidikira kuyambira kale, ndipo ikamveka nkhani yake sufunsa zambiri, umangonyamula ziphaso.

Foni anapita nayo kwa a Benedict, amene aliyense amangowatcha a Beni. Awa anagwira mgodi umodzi ndi a Alufeyo, ndipo m'mudzimo ndiwo amadziwika kuti Chingerezi amachimwa ngati thobwa. Anaitalikitsa foniyo mkono wonse, kutsinzinira diso limodzi, kuwerenga milomo ikugwedera. Kenako anamenya bondo.

"Medikolo!"

"Medikolo?" a Alufeyo anaimika makutu.

"Medikolo, m'bale wanga, ngati kudepoti kuja kumene ankatilembera ntchito ya ku Joni. Akufuna atiyeze kaye. Wokhoza alandira, wofeluka abwerera chimanjamanja."

"Koma alamu," mayi Filomena analowererapo, "nanga poti abambowa akudwaladi?"

"Ndiye chifukwa chake tiyambe lero, alamu! Tamverani. Ine ndi awa tayezedwa kasanu. Unkavula malaya, kukwera sikelo, kuima njoo. Ukangoti kho! kamodzi kokha, basi, lole yobwerera kumudzi ili panja. Munamvapo liti kampani ikupereka ndalama kwa munthu wodwala? Wodwala ankam'patsa bulangete ndi tikiti."

A Alufeyo anagwedeza mutu kuvomereza. Zinali zoona, anaziona ndi maso awo. Mayi Filomena nawo anaona kuti mfundo yake ikumveka. Kunali kutatsala masiku khumi ndi asanu ndi awiri.

Pakhomopo panasanduka kampu ya asilikali. M'mawa uliwonse a Beni ankafika ndi chubu cha njinga, a Alufeyo n'kumauzira ndi pakamwa mpaka maso kutuluka. Chubucho chinkangoti tukumu pang'ono ngati chule wodwala, koma a Beni ankachitsina n'kunena kuti, "Eya, lero kuposa dzulo!" Mayi Filomena anagwira za kadyedwe. Dzira laliwisi m'mawa. Uchi wa mandimu masana. Nkhuku yachitsotso ija imene inathokoza mtedza inalowa mumphika tsiku lachitatu. Anatumanso munthu ku Kamwendo kukagula dayi wakuda wopaka tsitsi, chifukwa a Beni anati dokotala amayamba kuyeza ndi maso, makina amabwera pambuyo.

Chinsinsi chachikulu chinali njere ya bwemba. Kudepoti, munthu akamva chifuwa chikukanda kukhosi, ankaika njere ya bwemba pansi pa lilime n'kumamezera malovu pang'onopang'ono. A Alufeyo anayamba ndi mphindi ziwiri osatsokomola. Pofika sabata yachiwiri ankatha mphindi khumi ndi ziwiri, misozi ili chuchuchu, a Beni atagwira wotchi, mayi Filomena akululutira chamumtima.

Ndiye panali lamulo limodzi limene mayi Filomena anaika okha: pakhomo pano kuseka ayi. A Alufeyo akaseka, chifuwa chinkabwera chonse nthawi imodzi, cha mtundu woti munthu agwade pansi. Lamuloli linavuta kwambiri a Beni, amene sangathe kupempha madzi akumwa popanda nthabwala, moti kawiri konse anathamangitsidwa ndi chipande.

Kunena zoona, lamuloli silinali latsopano. Chimene mayi Filomena sanauzepo munthu, ngakhale anzawo a kwaya ku Ludzi, n'chakuti analiika kalekale mumtima mwawo. Banja lawo linamangidwa pa kuseka. Panali nthano imodzi imene kale ankaisewera pafupifupi sabata iliyonse. Ulendo woyamba a Alufeyo akuchokera ku Joni, anatsika basi atavala nsapato za gogoda, chipewa chopendekeka, wailesi yaikulu ili paphewa, akuyenda monyang'wa kuti mudzi wonse uone. Pokhota njira anangoti maso ndi maso ndi apongozi awo, mayi ake a Filomena, akubwera ndi ndowa pamutu. Mkamwini sakumana maso ndi maso ndi apongozi panjira, amapatuka. Ndiye anapatuka, kulowa m'munda wa mbatata ndi gogoda zija. Mzere woyamba anadzandira, wachiwiri anadzandiranso, wachitatu chipewa chinauluka iwo n'kugwa chafufumimba, ndipo wailesi ija pomenya pansi inadziyatsa yokha n'kuyamba kulengeza za maliro mofuula. Mayi Filomena ankazichita zonsezi, mayendedwe, kugwa, mpaka mawu a wailesi, ndipo a Alufeyo ankaseka mpaka kupempha kuti awakhululukire. Koma zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo anaseka n'kukomoka pamkeka. Kuyambira tsikulo mayi Filomena sanazichitenso. Nthabwala ikawabwerera, ankapita kukaiuza mbuzi kukhola.

Tsiku la medikolo anadzuka dzuwa likutuluka. Tsitsi la a Alufeyo linali bii ngati kunsi kwa mphika, la a Beni chimodzimodzi, moti mnyamata wa kabaza anawalonjera kawiri asanawazindikire. Pa Kamwendo, akudikira minibasi, a Beni anagula mkoko wa nthochi ndi zigubu ziwiri za madzi.

"Za sikelo izi. Nthochi zisanu ndi imodzi, madzi malita awiri. Umalemera ngati thumba la feteleza."

Anadya, anamwa, anakwera. Minibasi isanapite patali, a Beni anagogoda denga.

"Kondakitala, tatiimitsireni pang'ono, tikaone nyengo."

Anatsika onse awiri. Atayenda pang'ono anagogoda a Alufeyo. Kachitatu anagogoda onse pamodzi.

"Madala inu, mwamwa dambo lonse kodi?" anakalipa kondakitala. "Mukafika kuboma muli mafupa okhaokha!"

"Iwe yendetsa galimoto, ife tikupita kukatenga ndalama zoti tigule minibasi yakoyi pamodzi ndi iwe wemwe," anatero a Beni akumanga lamba.

Anthu m'galimotomo anafa nacho chikhakhali. Mayi Filomena anatseka makutu a amuna awo ndi manja onse awiri.

Chifukwa cha kuimaima kuja anafika mochedwa. Kuseri kwa holo ina kuboma kunali matenti awiri ndi chigalimoto choyera chokhala ndi makina ojambulira chifuwa, anthu atakhala kale m'mabenchi, ndipo zofotokozera za m'mawa zinali zitatha. Asanapume n'komwe, mtsikana wa mndandanda anaitana dzina la a Alufeyo, akuti aka n'kachitatu. Bamboyo anatulutsa njere ya bwemba m'thumba la jekete, kuiponya pansi pa lilime, kutukumula chifuwa, n'kulowa mutenti ngati msilikali. Mayi Filomena anamva mtima wawo ukuvina. Anali asanawaone amuna awo akuyenda choncho kwa zaka.

"Amene mwafika mochedwa, bwerani pansi pa mtengo pano ndibwereze!" anaitana mayi wina wachitsikana wovala suti yotuwa. Anati dzina lake ndi Tiwonge, ndi loya wothandiza anthu a m'migodi, ndipo Chichewa chake chinkamveka kuti kwawo n'kumpoto. Mayi Filomena ndi a Beni anakhala pa muzu. A Beni anasenda nthochi yomaliza.

"Matenda amene tikufufuza dzina lake silikosisi," anatero Tiwonge. "Fumbi la mwala likalowa m'mapapo silituluka. Limakhala momwemo zaka ndi zaka, mapapo n'kumauma. Anzanu ena anatengera makampani a migodi kukhothi ku Joni, ndipo mapeto ake anagwirizana kuti amene fumbi linawaononga apepesedwe. Ndiye mumve bwino. Iyi si penshoni, si bonasi. Ndi chipukutamisozi cha mapapo. Amalandira ndi amene madokotala apeza kuti akudwala."

Nthochi ya a Beni inaima panjira, theka m'kamwa theka kunja.

"Akakukanani muli ndi ufulu wochita apilo, ndipo musalipire munthu aliyense kuti akulembereni fomu. Amayi amasiye, nanunso muli ndi njira yanu, musachoke. Amene munaphwanya miyala m'makwale akuno kwathu, yanu imadzera ku ofesi ya leba, mundione tikatha. Koma chachikulu ndi ichi. Anthu mwachuluka, ndipo galimoto ya makinayi ili pano lero lokha. Adokotala akuyamba ndi mafunso. Amene akudwala ajambulidwa lero. Amene akuti ali bwino adikira ulendo wina."

"Ulendo winawo ndi liti?" Mayi Filomena anadabwa kumva mawu awo omwe.

"Mwina chaka chamawa, amayi. Mwina."

Chaka chamawa. Pakati pa lero ndi chaka chamawa panali Juni, ndipo Juni wathayu a Alufeyo anam'dutsa chokwawa, mpaka abale anayamba kubwera kudzawaona awiriawiri. Mayi Filomena anayang'ana a Beni. A Beni anayang'ana khoko la nthochi.

"Alamu," anatero motsitsa, "zinthu zinasintha."

Mayi Filomena anali atanyamuka kale. Anadumpha miyendo ya anthu, kudutsa mtsikana wa mndandanda akuti "amayi, amayi, simulowa!", n'kukankha chinsalu cha tenti.

Anawapeza amuna awo ataima njoo pakati pa tenti, malaya atavula, nsapato atavula, zonse atazipinda bwinobwino pampando. Dokotala, bambo wamagalasi wooneka wotopa, anali ndi fomu patebulo.

"Bambo, ndanena kale kuti simufunika kuvula. Chabwino. Ndiye mwati simutsokomola?"

"Olo pang'ono, bwana."

"Poyenda simubanika?"

"Ine? Ndimapalasa njinga kuchoka ku Ludzi kukafika ku Mkanda, thumba la chimanga lili kumbuyo, ndikuimba nyimbo."

"Akunama!" anakuwa mayi Filomena. "Adokotala, akunama awa! Njinga anasiya kalekale, inachita kumera udzu!"

A Alufeyo anatembenuka, maso ali psuu. Mawu ankatuluka mopotoka chifukwa cha njere ija. "Nambewe, tulukani. Mundilepheretsa."

"N'zimene ndabwerera! Bambo a Luwiza, tasokoneza. A loya akuti ndalamazi n'za odwala. Mukakhoza, sakujambulani lero. Lavulani chinthucho mutsokomole!"

"Msampha umenewo," anatero a Alufeyo, osagwedezeka. "Kudepoti ankateronso. Amene akumva kudwala aimike mkono tim'patse mankhwala. Woimika mkono ankakwera lole. Ine si mwana."

Dokotala anavula magalasi n'kupukuta m'maso. "Amayi akunena zoona, bambo. Koma ine ndimalemba zimene mwini chifuwa wanena. Panja pali anthu oposa zana. Mukuti muli bwino?"

"Ndili bwino zedi, bwana."

Cholembera chinatsika pa fomu.

Mayi Filomena ndi munthu wamanyazi pagulu. Kukwaya amaima mzere wakumbuyo, ndipo kumsonkhano wa mphakati sanaimikepo mkono. Koma apa anangomva manja awo akumanga chitenje molimba. Ananyamula chikwama chawo n'kuchikhazika paphewa ngati wailesi. Duku analikokera mbali imodzi kuti lipendekeke. Kenako ananyanyamphira pa zala, gogoda zimenezo, n'kuyamba kuyenda kuchoka pakhomo la tenti, chiuno uku, phewa uko, akugwedezera mutu anthu osaoneka kumanja ndi kumanzere.

"Nambewe," anatero a Alufeyo. "Nambewe, musayerekeze."

Mayi Filomena anaima mwadzidzidzi, maso tong'oo, kuyang'ana nesi amene ankalowa ndi mabotolo. Apongozi amenewo. Anasuzumira uku, kusuzumira uko, n'kupatukira m'munda wa mbatata umene unali pakati pa tebulo ndi sikelo. Mzere woyamba, dzandi. Masaya a a Alufeyo anafufuma. Mzere wachiwiri, duku linauluka n'kukagwera pa fomu ya dokotala. Mapewa a a Alufeyo anayamba kunjenjemera, dayi wosungunuka ndi thukuta akutsikira m'makutu. Mzere wachitatu, mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi anadzigwetsa chafufumimba pa lona, chikwama chili uko, ndipo ali chigonere choncho anatsina mphuno n'kutulutsa mawu a wailesi:

"Tikulengeza za maliro a bambo..."

Njere ya bwemba inatuluka ngati chipolopolo n'kukamenya mbale yachitsulo patebulo, ngwee!

A Alufeyo anaseka. Anaseka kuseka kuja kwakale, kokweza mutu m'mwamba, kopanda mawu poyamba kenako n'kuphulika. Nesi anakhala pansi ndi mabotolo ake. Dokotala anabisa nkhope m'duku la eni ake. Kunja anthu anaunjikana pakhomo la tenti, a Beni ali patsogolo akufotokozera aliyense kuti iwo analipo tsiku lenilenilo.

Ndiye chifuwa chinafika. Chinabwera chonse, cha masiku khumi ndi asanu ndi awiri chimene anachitsekera ndi njere. A Alufeyo anagwira tebulo, kenako mpando, kenako anagwada. Kuseka kwa anthu kunazima mmodzimmodzi mpaka mutenti munangotsala phokoso limodzi lokha, louma, ngati munthu akucheka thabwa. Mayi Filomena anakwawa n'kuwagwira pamsana, pamalo pamene amagwira nthawi zonse. Mtima unawaluma. Anadziwa kuti achita dala.

Dokotala sanasekenso. Anayang'ana wotchi yake, kuyang'ana milomo ya bamboyo, n'kuuza nesi abweretse madzi. Chifuwa chitatsika, anatenga fomu ija, kuing'amba pakati, n'kutulutsa ina.

"Tiyambirenso. Amayi, khalani apa, muziyankha limodzi. Bambo, munayamba liti kutsokomola?"

"Chaka chimene tinafolera nyumba ndi malata," anatero a Alufeyo, ndipo mayi Filomena anatchula chakacho.

Anawajambula tsiku lomwelo. Anawapatsanso kapaipi koti auzire ndi mphamvu zawo zonse, ndipo apa maphunziro a chubu anagwira ntchito, chifukwa anauzira mwaluso kwambiri moti nesi anawayamikira, ngakhale kuti mpweya wake unali wosakwana kuzimitsa nyali. Kenako dokotala anawaonetsa chithunzi pa kompyuta. M'mapapo monse munali timadontho toyera, ngati wina wawazamo mchere.

"Fumbi lanu la ku Joni ndi ili," anatero. "Munabwera nalo. Ine ndasaina kuti ndaliona. Mapepalawa apita kwa madokotala ena kuti atsimikize, yankho libwera pa foni. Likabwera lokana, musakhale pansi, mukawapeze a loya aja. Ndipo Lolemba mupite kuchipatala ndi kalata iyi, pali mankhwala othandiza kupuma."

Potuluka anamva kutenti inayo munthu akutsokomola mokokomeza ngati galimoto yokana kulira, ndi mawu a nesi akuti, "Bambo Benedict, zopeka ayi, makinawa sanamizika. Ingonenani zoona basi."

Anakhala pa muzu uja kudikira a Beni. Kolala ya malaya oyera a a Alufeyo inali yakuda, ndipo pamwamba pa mutu imvi zinali zitayamba kusuzumira. Anagwira kalata ija ndi manja awiri.

"Ndiye kuti ndalephera," anatero.

"Mwalephera."

"Kasanu konse ndinakhoza, Nambewe. Kasanu. Sindinabwezedwepo."

"Ndikudziwa, bambo a Luwiza."

Mayi Filomena ankasasa fumbi pa chitenje, akudikira kukalipiridwa chifukwa chochititsa manyazi bambo wa pakhomo pamaso pa boma lonse. Bondo linali likuwawa, ndipo duku linali litatsala kwa dokotala.

"Koma mwalakwitsa," anatero a Alufeyo.

"Pepani."

"Wailesi inali phewa lamanzere. Inu munaika lamanja. Ndipo chipewa chinauluka pa mzere wachitatu, osati wachiwiri. Mwaiwala chifukwa chosachita." Anapinda kalata ija n'kuilowetsa m'thumba la jekete, m'mene munali njere za bwemba zotsala. Njerezo anazitulutsa n'kuzitaya mu udzu. "Tikafika kunyumba mukachitenso, mukonze."

"Nanga chifuwa?"

"Chifuwa chili kale pa pepala. Tizibisiranso ndani?"

Mayi Filomena anangotola chikwama chawo n'kuchisamutsira phewa lamanzere.